Mbale ya pa Denga la Apongozi

Randburg, Joni
11 Febuluwale 2007

Okondedwa mayi a Rejoice,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi mwana? Nanga apongozi, mwendo wawo uja ukuwapatsako mpata? Ine kuno ndili bwino, kungoti mtima sunakhazikike chilandirireni kalata ya atsibweni anu a Stefano.

Kalatayo ndaiwerenga kanayi. Akuti zaka zinayi zakwana chichokereni ine, ndipo ndikapanda kuonetsa nkhope yanga pamudzipo pofika kumapeto kwa Seputembala, iwo monga ankhoswe akumasulani. Akutinso ndisayerekeze kuyankha pa foni, chifukwa mawu opanda nkhope ngakhale wailesi ili nawo.

Mukudziwa kuti mapepala anga sali bwino. Ndikangodutsa malire, kubwerera kuno kudzavuta, ntchito n'kuthera pomwepo. Koma musade nkhawa, nkhope ndionetsa, ndipo osati kamodzi kokha ayi. Ndizionetsa tsiku ndi tsiku mpaka atsibweniwo atope nayo.

Ntchito yanga kuno ndi yokwera pamadenga kumangirira timbale toti nyumba zambiri zizigawana intaneti imodzi popanda waya. Ndatumiza makatoni atatu pa basi ya Lachinayi. Muli mbale zitatu zachitsulo zooneka ngati waya wootchera nyama, chonde wina asaotcherepo kanthu. Mulinso timabokosi, sola, batire ndi kompyuta yakale yokhala ndi kamera. A Dominic, aja ali ndi kanyumba ka intaneti pa Njuli, tagwirizana kuti adzamanga zonse.

Nyumba yathu ili kumunsi, Njuli siimuona. Imene imamuona ndi ya apongozi poti ili pamtunda. Choncho mbale yoyamba ikhala pa denga lawo kulandira zochokera ku Njuli, yachiwiri ikhala pomwepo kuponyera kwathu, yachitatu ikhala pa denga lathu kuwakha. Zikafika kwathu, kabokosi kazimwaza m'nyumba zonse zisanu ndi ziwiri za pamudzipo, aliyense n'kupindula.

Chithunzi cha Rejoice munakana kunditumizira, munati wofuna kuona mwana abwere. Sindinakwiye. Koma mwana wanga yemwe ndinamusiya ali m'mimba sindimudziwa nkhope, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa mmene ndimanenera. Tsopano ndidzamuona akuseka. Ndilembereni msanga katundu akafika.

Ndine wanu,
Edwin

Likoswe, Chiradzulu
20 Malichi 2007

Bambo a Rejoice,

Moni wanu wafika pamodzi ndi makatoni. Ife tili bwino, amayi mwendo ukadali womwewo. Kaya inu ndi madenga anuwo?

Ndiyambe ndi kukuyamikani. Amuna ena akaitanidwa amabwera okha ndi miyendo yawo, inu mwatumiza makatoni. Rejoice wakondwa nawo kwambiri. Limodzi walisandutsa nyumba ya mwana wake wa chitsononkho.

Katundu asanatuluke n'komwe, pamudzi pano panali patasankhidwa kale komiti. Wapampando ndi atsibweni. Mlembi ndi a Phoebe aphunzitsi, poti kupatula ife ndi okhawo amene ali ndi kompyuta. Palinso woyang'anira mapemphero. Komitiyo yagamula kuti popeza nyumba ndi zisanu ndi ziwiri, masikunso ndi asanu ndi awiri, nyumba iliyonse ikhale ndi tsiku lake. A Dominic anayesa kufotokoza kuti chinthuchi si mjigo woti mpaka kudikirana, anthu onse akhoza kutunga nthawi imodzi, koma anawauza kuti za mudzi uno sazidziwa. A Mikaele a kuseri kwa khola alibe kompyuta, alibe ngakhale wailesi, koma likafika Lachitatu lawo amatsegula mawindo onse kuti gawo lawo lilowe. Akuti chifuwa chayamba kuwapepukira.

A Dominic anamanga Loweruka, sabata ziwiri zapitazo. Atamaliza pa denga la amayi anatsika, ananyonyomala bwinobwino mwaulemu, n'kuyamba kuwafotokozera.

"Amayi, mbale iyi njanu. Ili apoyo nja akamwini anu. Ziwirizi zidzipenyana chamaso, dzuwa likawale mvula ikagwe, osaphethira. Imodzi ikangocheukira kumbali, basi, zathera pompo."

Amayi anafunsa kuti, "Chamaso?"

A Dominic anati, "Chamaso, amayi." Amayi analowa m'nyumba.

Tsiku limenelo inagwira ndithu. A Phoebe anationetsa kuti ku Canada kukuzizira, anthu n'kumva chisoni. Lamulungu m'mawa inali itafa. A Dominic anabwera Lolemba, anapeza mbale ya kwa amayi yoyang'ana kwathu ija yatembenukira kudambo. Anaiwongola. Lachiwiri inali itatembenukiranso kudambo. Apalasa njinga kasanu kuchokera ku Njuli, ndipo akuti ndi mphepo.

Tiuzeni chochita, inu odziwa. Komanso mwana wanu nsapato zamuthina. Kachingwe ndaika m'kalatamu ndiko kutalika kwa phazi lake.

Ine,
Bibiana

Randburg, Joni
14 Epulo 2007

Mayi a Rejoice,

Ndathokoza kumva kuti muli bwino. Ine ndili bwino. Kachingwe kaja ndakayendera nako masitolo atatu, nsapato zapezeka, zofiira, zibwera ndi kalata ino. Kachingweko sindibweza.

Za mphepozo sindikuzimvetsa. Chiyambireni ntchitoyi sindinaonepo mphepo yokankhira mbale mbali imodzimodzi masiku asanu. Ndikuganiza kuti ndi nthambi za mango ali pakati pa nyumba ziwirizo, mwina zikugunda mlongoti. Uzani a Dominic asadze nthambi zokhazo zimene zikukhudza, kenaka amange mabawuti mwamphamvu. A Mikaele asiyeni azitsegula mawindo, sizipweteka munthu.

Ndiuzeni, kodi mwanayo amalidziwa dzina langa? Mukamakamba za ine amati ndine yani?

Wanu,
Edwin

Likoswe, Chiradzulu
27 Meyi 2007

Kwa akamwini athu a Edwin,

Landirani moni wochokera kwa ine Stefano, nkhoswe ya mkazi wanu komanso wapampando wa Komiti ya Mbale. Ndikukhulupirira kuti Mulungu akukusungani. Ife tili moyo, chimanga takolola chapakatikati.

Malangizo anu a mango anawerengedwa pa msonkhano. Komiti inaona kuti kusadza nthambi ndi ntchito yatheka, poti nthambi zimaphukanso. Choncho tinagwetsa mitengo yonse inayi. Kutacha mbale inali itayang'ana kudambo monga kale.

Apa ndi pamene ndinati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinauza a Mikaele kuti Lachitatu lawo, m'malo mongokhala pawindo kupuma intaneti, aziyang'ananso kumtunda. Dzuwa litangotuluka anaona mlongo wanga Albertina, apongozi anu, akutuluka ndi nsungwi yothyolera mapapaya. Munthu woti kutchalitchi amapita ndi ndodo, koma anakwera pa mtondo, n'kukankha mbaleyo bwinobwino mpaka inapenya kudambo. Atatero anatsika, anasesa pabwalo.

Tinawaitana pamaso pa komiti. Sanakane. Mawu awo a Phoebe anawalemba m'buku, ndipo ndikukopererani monga analankhulira:

"Ine chikwatiwireni mwana wanga, akamwiniwo sindinawapenyepo kumaso. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire, iwonso amapatuka. Mawu anga kwa iwo amadzera mwa munthu. Ndiye lero nditakalamba, denga langa lidzitong'olerana maso ndi denga lawo tsiku lathunthu, anthu akuona? Ndinalangidwa ine. Kapena ku Joniko aiwala, koma ine sindinaiwale."

Akamwini, komiti inafunafuna cholakwa m'mawu amenewa, sinachipeze. Tinachita manyazi ndife, amene tinalola zotere kuchitika pamutu pa munthu wamkulu.

A Phoebe anapereka nzeru yoti tiifunditse mbaleyo chitenje, ngati mmene mayi amadziphimbira akakumana ndi mkamwini pamalo opanda tchire. Mlongo wanga anavomera, anapereka chitenje chake cha bungwe la amayi a kutchalitchi. A Dominic anaiwongola, tinaifunditsa, ndipo modabwitsa inagwira. Masiku asanu ndi anayi pamudzi pano panali mtendere. Tinali pafupi kukulemberani kuti mukonzeke.

Tsiku lakhumi a Dominic anabwera kudzaona ntchito yawo. Mnzanuyo ntchito amaidziwa, koma pakamwa alibe chitseko. Ataima pakati pa bwalo, amayi ali pomwepo akusenda nandolo, ananena mokweza kuti, "Mwaona? Nsalu siiletsa kanthu. Imeneyi imapenya bwinobwino kudutsa chitenje."

Sindifuna kulemba zambiri. Mungodziwa kuti chiyambire tsiku limenelo palibe mzimayi amene wadutsa pakati pa nyumba ziwirizo. Popita kumjigo akuzungulira kudambo, ulendo wa mphindi zisanu wasanduka wa theka la ola. Mbale ya apongozi anu tsopano yayang'ana pansi, ndipo aimanga ndi luzi.

Komiti yakhalanso pansi, poti mutu umodzi susenza denga. Tafunsana kuti kodi mkamwini akafuna kulankhula ndi apongozi ake amatani? Amadzera kwa nkhoswe. Ndiye n'chifukwa chiyani intaneti yanu ikufuna kulumpha nkhoswe? Chigamulo n'chakuti mbale ya mlongo wanga iziyang'ana kwa ine, amene ndine mlongo wake, ndipo ine ndiziperekera kwa inu. Tumizani mbale zina ziwiri.

Pomaliza ndikukumbutseni kuti Seputembala sanasunthe.

Ine nkhoswe yanu,
Stefano

Randburg, Joni
19 Juni 2007

Kwa atsibweni a Stefano,

Ndagwada popereka moni. Ndili bwino, ndipo ndikuyembekeza kuti nonse muli bwino.

Kalata yanu yandichititsa manyazi. Ndinayeza mtunda, ndinayeza kutalika kwa denga, ndinawerengera ngakhale mitengo, koma apongozi sindinawawerengere. Mundipepesere kwa iwo. Muwauze kuti sindinaiwale mwambo, kungoti sindinadziwe kuti umafika mpaka pa malata. Muwauzenso amayi onse kuti mbaleyo ilibe maso, adutse momasuka, ngakhale ndikudziwa kuti sandikhulupirira.

Za mango ndilibe mawu. Ndinati nthambi.

Chigamulo chanu ndinawafotokozera abwana anga. Anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha kuseka anajambula papepala nyumba zitatuzo, anayang'ana, n'kunena kuti ndi mmenenso iwo amachitira pakakhala phiri pakati. Akuti wapampando wanuyo akafuna ntchito abwere. Mbale ziwiri ndi kabokosi zinyamuka sabata yamawa. Popeza nyumba yanu ili pafupi ndi dambo, pafunika mlongoti wautali wa bulugamu.

Pempho langa ndi limodzi. Kabokosi kadzakhale koyaka nthawi zonse, wina asamakazimitse.

Ine mkamwini wanu,
Edwin

Likoswe, Chiradzulu
30 Ogasiti 2007

Bambo a Rejoice,

Moni. Tili bwino, kaya inu. Mwina mumadabwa kuti takhala chete. Makatoni anu anagona mwezi ndi theka panjira, basi inawonongeka, katundu n'kusinthidwa kawiri. Afika sabata ziwiri zapitazo, limodzi likununkha nsomba zouma.

Mlongoti waimikidwa kwa atsibweni. Mbale ya amayi tsopano ikuyang'ana kwa mlongo wawo, ndipo amayi akuti apa ndiye zaulemu. Ya atsibweni ikuyang'ana kwathu. Azimayi ayambiranso kudutsa njira yachidule, ngakhale ena amathamangabe pang'ono akafika pakati.

Pempho lanu loti kabokosi kazikhala koyaka lakanidwa. Atsibweni akuti nkhoswe siilola mawu kudutsa pakhomo pake iyo kulibe. M'mawa amavala jekete, amatulutsa mpando, amakhala pansi pa mlongoti, kenaka ndiye amayatsa. Akafuna kupita kudimba amazimitsa. Akapita kuchimbudzi amazimitsa. Dzulo a Phoebe anali pakati polemba kalata yofunsira maphunziro, zonse zinangothima, chifukwa mbuzi ya atsibweni inamasuka. Madzulo amapita kwa a Phoebe kukafunsa kuti lero pamutu panga padutsa zotani, ndipo a Phoebe amawauza za nyengo ya ku Canada.

Tsiku lasankhidwa. Ndi Loweruka pa 22 Seputembala, 2 koloko masana, kunyumba kwathu. Komiti yonse idzakhalapo. Mudzavale bwino.

Munafunsa kale kuti mwana amati ndinu yani, ine sindinayankhe. Sindikudziwa chimene amaganiza. Ine ndimakhalira ku Njuli kugulitsa tomato, iye amaswera kwa agogo ake. Dzina loti Edwin amalidziwa, poti chaka chino palibe dzina latchulidwa kwambiri pamudzi pano kuposa limeneli.

Tsopano ndinene zanga, zosadzera kwa nkhoswe. Ndatopa, bambo a Rejoice. Anthu onse pano akupemphera kuti chinthuchi chidzagwire pa tsikulo. Ine ndili ndi mantha kuti chigwiradi. Chikakanika mudzasowa chochita, mwina n'kukwera basi. Koma chikagwira, atsibweni adzalemba m'buku kuti nkhope yaoneka, ndipo ine ndidzakhala mkazi wa kompyuta mpaka imvi. Sindinakwatiwe kuti ndiziyembekeza atsibweni avale jekete ndisanaone mwamuna wanga.

Nsapato zija zamukwana. Amakana kuzivula ngakhale posamba.

Ine,
Bibiana

Randburg, Joni
23 Seputembala 2007

Mayi a Rejoice,

Moni sindikudziwa kuti ndiupereke bwanji, poti dzulo lomweli tinaonana. Ndikulemba kuti mudziwe zimene ndinaona ine kuno, chifukwa inu munali mbali inayo.

Ndinabwereka jekete, ndinameta, ndinakhala pa kompyuta ya mu ofesi ya abwana kuyambira 12 koloko. Itakwana 2 koloko panalibe kanthu. Ndamva kuti atsibweni anazindikira mochedwa kuti sangakhale pansi pa mlongoti komanso m'nyumba mwathu nthawi imodzi, ndipo komiti inayamba yakambirana kaye mpaka anasankha a Mikaele kukhala pampandopo atavala jekete la atsibweni.

Chithunzi chitabwera, choyamba kuona chinali mphuno ya atsibweni. Anandifunsa ngati ndine Edwin, ndinavomera. Anandiuza nditembenuke mbali zonse ziwiri, ndinatembenuka. Kenaka panali pemphero. Kenaka aliyense wa m'komiti anabwera kudzatchula dzina ndi udindo wake, ngati kuti sindinakhale nawo zaka zitatu pamudzipo. Moni wa apongozi unachokera kuseri kwa khoma, kudzera mwa atsibweni, wanganso unabwerera njira yomweyo. Nthawi yonseyi ine ndimangoganiza za batire.

Kenaka munakhala pampando inu. Mwaonda. Munandiyang'ana osaseka, ndipo zimene ndinakonza kunena zonse zinathawa.

Ndiye wina anaitana mwana. Ndinamva mawu a a Phoebe akuti, "Rejoice, bwera udzaone, a Edwin aja ndi awa." Ndinaona chitseko chikutseguka. Ndinaona nsapato zofiira zikulowa. Ndinagwira tebulo.

Mwanayo atangomva dzinalo anaima. Anagwada pansi bwinobwino, anatembenuka, n'kundipatsa msana. Munamunyamula, munamukhazika pamiyendo panu, iye n'kukhotetsa khosi kuyang'ana kukhoma. Munati, "Ndi bambo ako, apenye." Ndinamumva bwinobwino akuyankha kuti, "Iyayi. A Edwin sitiwapenya. Agogo sawapenya."

Anthu anaseka. Wina anati koma mwanayu ndi waulemu, waleredwa bwino. Atsibweni anauza a Phoebe kuti zimenezonso azilembe.

Ndinamuitana dzina. Ndinaimba kanyimbo. Ndinamuuza kuti nsapatozo ndinagula ndine, iye n'kuzibisa pansi pa chitenje chanu. Mphindi khumi ndi imodzi ndinakhala ndikuyang'ana kumbuyo kwa mutu wa mwana wanga. Ali ndi timangongo titatu tomangidwa ndi ulusi wakuda, ndipo khutu lake lakumanzere ndi lopindika pang'ono ngati langa. Kenaka batire inatha.

Abwana anabwera kudzandigwira paphewa, akuti ntchito yabwino, chithunzi sichinaduke ngakhale kamodzi. Ndinapita kuseri kwa galimoto n'kulira.

Ndiuzeni chimene atsibweni agamula. Ndiuzeninso nkhope yake mmene ilili, ngakhale m'mawu chabe.

Edwin

Likoswe, Chiradzulu
30 Seputembala 2007

Akamwini,

Ndine Albertina, mayi ake a Bibiana. Kalata iyi ndalemba ndekha, sinadzere kwa mlongo wanga, ndipo sakudziwa. Kulemba ndinaphunzira kwa masisitere ndili mtsikana, zilembo n'zokhotakhota koma muwerenga. Muli bwanji? Aka n'koyamba kukufunsani ndekha.

Mlongo wanga wagamula kuti nkhope yaoneka, ukwati ulipo. Zalembedwa m'buku. Komiti inawomba m'manja, ine sindinawombe.

Ndinali kuseri kwa khoma tsiku lija, ndinamva zonse. Mwanayo sindinamuuzepo kuti azikuthawani. Amangoona. Ndikamadutsa pa nyumba yanu ndimayang'ana kumbali, iye pambuyo panga amayang'ananso kumbali. Ndikamakankha mbale, iye amandigwirira mtondo. Ine ndimaona ngati ndi masewera. Mlandu umenewu ndi wanga, ndipo wandisowetsa mtendere.

Ndayesa kumuuza kuti mwambowu ndi wa ine ndekha, iye sumukhudza. Wandifunsa kuti, "Nanga bambo amatani?" Ndinati bambo amakunyamula, amakuika paphewa, ukalakwa amakukalipira. Anapita kukayang'ana kompyuta ija ili chizimire, anabwerako n'kunena kuti ilibe manja.

Kukulemekezani waphunzira kwa ine. Kukudziwani sangaphunzire kwa ine, poti inenso nkhope yanu sindiidziwa. Ndimadziwa mapazi anu okha ndi kutsokomola kwanu.

Za mapepala anu ndamva, za ntchito ndamvanso. Sindikuchepetsa. Koma munda ulipo, ndipo a Dominic akuti anthu a ku Nguludi ayamba kufunsa za mbale, munthu wokwera padenga akusowa. Bibiana sakudandaulanso, ndipo mkazi akasiya kudandaula musamati zinthu zili bwino.

Mvula yoyamba isanagwe, kwerani basi. Mukatsikira pa Njuli mudzatumize mawu, tidzanyamuka kudzakuchingamirani. Tikadzakuonani mukubwera poteropo, ine ndidzapatukira kutchire monga mwa nthawi zonse. Koma mwanayo ndidzamusiya pakati pa njira.

Ine apongozi anu,
Albertina